Maikolofoni ya Amayi

3 Malichi

Mzime wanga,

Moni kuchokera kuno kozizira. Ine ndili bwino, alamu ako nawonso ali bwino, ntchito ndi yomwe ija ya padoko, kukonza mawailesi a sitima zapamadzi amene eni ake amalumbira kuti sanawagwire. Kaya inu kumeneko? Ana asukulu akadakuumitsa pakhosi? Alamu anga akalipentala ali bwanji? Nanga miyendo ya abambo ikuti chiyani? Undilembere zonse, ngakhale zimene ukuona ngati n'zosafunika.

Ndatumiza katoni, ndipo ndi yolemera, usakaitenge wekha ku positi. M'katimo muli wailesi yolankhulirana yatsopano, yolowa m'malo mwa ija inapsa ndi mphenzi zaka ziwiri zapitazo. Mulinso kabokosi kake ka magetsi, mawaya ndi maikolofoni. Ndalemba pepala la kalumikizidwe, ngakhale ndikudziwa kuti abambo saliwerenga. Angawerenge bwanji pepala la mwana amene anamuphunzitsa okha kugwira chowotcherera mawaya ali ndi zaka zisanu ndi zinayi?

Chifukwa chake ukuchidziwa, koma ndichilembe ndithu, poti sindinachilembepo. Pochoka kwathu ndinalonjeza abambo kuti Lamlungu lililonse, 9 koloko m'mawa nthawi ya kwanu, ndizipezeka pa nambala yathu ija ya pa wailesi. Zaka ziwiri ndinasunga panganolo. Kenako ukwati, kenako kusamuka, nyumba yatsopano yopanda pomangirira eriyo. Ndinkangoti ndikonza mwezi wamawa. M'miyezi yamawa imeneyo ndi mmene amayi anadwalira. Masabata asanu ndi awiri abambo ankawanyamula kuchoka pabedi, kuwakhazika pampando wa m'kachipinda ka wailesi, kuwagwiritsa maikolofoni, amayi n'kumandiitana. Ine ndinali kusankha makatani. Makalata ako anapita kunyumba yakale, ndipo atandipeza amayi anali ataikidwa kale.

Tsopano zakwana zaka zisanu ndi chimodzi abambo osandilankhula. Ndikaimba foni kugolosale ya pakona ija amakana kupitako. Makalata anga sayankha. Ndaganiza kuti pamene ndinalakwira ndi pomwe ndipepesere. Kuyambira Lamlungu la pa 5 Epulo ndizikhala pa nambala ija, nthawi yomwe ija, ndikuwaitana.

Usawakakamize, ukudziwa mmene amachitira akakankhidwa. Ungowauza tsiku ndi nthawi, kenako upite kukatsuka mbale.

Mkulu wako,
Mawaya (ngati dzina limene abambo anandipatsali likumatchulidwabe m'nyumbamo)

24 Malichi

Achemwali,

Ndasangalala kumva kuti muli bwino. Kuno tili moyo tonse, kupatula msana wa alamu anu, umene katoni yanu yatsala pang'ono kuuthyola. Anachita kuibweretsa pa wilibala, anthu mumsewu n'kumafunsa ngati tagula injini.

Masiku atatu katoniyo inakhala pabalaza, abambo akuilambalala ngati galu wa eni. Tsiku lachinayi pochokera kusukulu ndinapeza yatsegulidwa, wailesi ili kale patebulo lawo. Nditawayang'ana anati, "Ndimafuna katoniyo ndiikemo nsapato." Mpaka lero nsapato zili pomwe zimakhala.

Mavuto anayambira pa pulagi. Yanuyo ili ndi mano awiri ozungulira, pomwe masoketi athu ndi a mano atatu. Abambo sanachedwe nayo, anaidula n'kuvekapo pulagi ya ayironi yanga. Madiresi ndikumakasitira kwa aneba, muwerengere zimenezo pa zabwino zimene ndakuchitirani. Asanayatse anandiitana kuti ndiwawerengere manambala a pa kaswitchi ka kumbuyo kwa kabokosi ka magetsi. Ndinawerenga katatu, iwo n'kumati, "Waonetsetsa?" Achemwali, maso awo si aja munawasiya. Nyuzipepala akumaiwerenga ndi mphuno. Koma musayerekeze kutchula zimenezi, kwa iwo vuto ndi osindikiza amasiku ano amene akuumira inki.

Mutu wa waya wochokera ku eriyo unali utadyeka ndi dzimbiri. Anawotchererapo wina mongopapasa, chala n'kupsa, koma unagwira. Pepala lanu analilandira mwaulemu n'kuikapo kapu ya tiyi. Pa zolumikiza zotsalazo anandithamangitsa, akuti ndimapuma mokweza.

Atayatsa, nyumba yonse inadzaza ndi phokoso lija longa mvula ya pamalata, kenako mawu a munthu wina wakutali akutchula zilembo zake zoitanira. Ndinaima m'khitchini ndi mpeni m'manja misozi ikungotsika. Sindinkadziwa kuti phokoso limene linkandisowetsa mtendere ubwana wanga wonse ndinalisowa chonchi.

Wailesi yakupsa ija aikankhira pansi pa tebulo. Koma maikolofoni yake, ija ankagwira amayi, sinachoke pamalo pake. Amaipukuta m'mawa uliwonse ndi kansalu ka magalasi, ndipo ine sindiloledwa ngakhale kuisuntha pokolopa.

Za pa 5 Epulo ndinawauza. Anati, "Lamlungu ine ndimakhala ndi zochita." Zochita zanji munthu woti ngakhale kutchalitchi anasiya chifukwa cha miyendo? Ndinapita kukatsuka mbale monga munanenera. Koma dzulo ataona ndikulemba, anaponya kapepala aka patebulo. Ndakaika momwemuno.

*Katundu wafika. Waya wa magetsi ndi waufupi.*
*Bambo ako.*

Musakhumudwe nako. Mizere iwiri pa zaka zisanu ndi chimodzi, kwa munthu ameneyu ndi buku lathunthu.

Mzime wanu

19 Epulo

Mzime,

Moni nonse. Ndikhulupirira uli bwino, ndipo waya wautali ndinatumiza uja wafika, pamodzi ndi pulagi ya ayironi yako. Kapepala ka abambo ndimayenda nako m'chikwama. Ndakawerenga mpaka kayamba kung'ambika popinda.

Lero ndi Lamlungu lachitatu. Ndimadzuka, ndimayatsa wailesi mphindi makumi awiri nthawi isanakwane, ndimakhala ndi kapu ya tiyi imene sindimwa. Ikakwana nthawi ndimatchula zilembo zawo katatu, zanga kamodzi, n'kusiya batani. Ndimadikira. Ndimabwerezanso, mpaka ola litatha. Ndikasuntha nambalayo pang'ono ndimamva anthu ena akucheza za nyengo ndi za mabatire awo, koma pa nambala yathu pali zii.

Kuno vuto palibe. Eriyo ndinaimanga kuchokera pakhonde lathu la m'mwamba mpaka pa chumuni cha aneba, amene ndinachita kuwagwadira. Ndinapempha mnzanga wina wa wailesi amene amakhala dziko loyandikana ndi lanu kuti andimvetsere, ndipo akuti ndimamveka ngati ndili m'chipinda mwake. Ndiye mawu anga akufika kumeneko.

Chonde undionere zinthu izi mwakabisira. Choyamba, pa kagalasi ka kutsogolo payenera kuoneka chilembo U, osati L. Chikalakwika, munthu amamveka ngati bakha. Chachiwiri, fyuzi ya pa waya wofiira, uone ngati kawaya ka m'kati sikanaduke. Chachitatu, akadina batani lolankhulira, kanyali kofiira kayenera kuyaka. Ndipo chachinayi, chimene ndikuopa kufunsa: kodi Lamlungu m'mawa amalowa n'komwe m'kachipindamo?

Undiuze zoona. Usandinyengerere ngati mwana wa m'kalasi mwako.

Mawaya

6 Meyi

Achemwali,

Moni. Tili bwino, ayironi yanga yabwerera pa ntchito, zikomo. Waya wautali abambo anauyeza ndi mkono n'kunena kuti tsopano watalikitsa.

Zoona mukufunazo ndi izi. Nthawi yanuyo ine ndi alamu anu timakhala kutchalitchi, abambo amatsala okha, ndiye chimene chimachitika sindichiona. Koma tikabwerako ndimapeza wailesi ili yofunda, iwo atavala malaya a kolala, tsitsi lopesa. Munthu amapesera tsitsi wailesi? Lamlungu lathali ndinalimba mtima.

"Abambo, munawamva achemwali?"

"Ndinamumva. Mawu ake akula, akumveka ngati a mayi ake."

"Munawayankha?"

"Kodi iwe ntchito ya upolisi unailowa liti?"

Nkhani inathera pomwepo. Zimene munandituma ndinaona iwo ali kubafa. Chilembo ndi U. Fyuzi ndi yamoyo. Kanyali kofiira ndinakaona Lachitatu ndikudutsa pazenera, anali atawerama patebulo, akudina, iko kakuyaka, akusiya, iko kakuzima. Ndiye kwa ine wosadziwa, wailesi yanu ilibe chilema.

Chimene sindikumvetsa ndi chakuti munthuyu sakukhazikika. Sabata yoyamba anawauza alamu anu kuti mlongoti ndi waufupi, awonjezerepo mapaipi awiri. Anawonjezera. Sabata yotsatira akuti nthambi ya mtengo wa mapeyala ikukhudza eriyo, idulidwe. Mtengo umene anadzala amayi, umene mwana wa aneba akathyolako tsamba limodzi amamva mbiri ya makolo ake! Nthambiyo inadulidwa iwo ataimirira pomwepo. Kenako anakhomeretsa chitsulo china pansi kuseri kwa zenera, ndipo m'mawa uliwonse amathirapo madzi a mchere. Mchere wanga ukuthera m'nthaka. Alamu anu ayamba kulowera khomo lakumbuyo pochokera kuntchito.

Ndikafunsa kuti zonsezi n'zachiyani, amati akufuna azimva bwino. Kumva kwanji? Wailesiyo ikumva kale mpaka kutsokomola kwa anthu a kutsidya kwa nyanja.

Buku lawo lija, lolembamo tsiku, nthawi ndi munthu amene alankhula naye, alitulutsanso. Amalemba zilembo zikuluzikulu ngati za ana anga a kalasi yoyamba, kenako amalikiyira m'dirowa, kiyi m'thumba.

Ine mmene ndikuonera, mtima wafewa koma pakamwa pakadali pouma. Piriranibe pang'ono. Munthu amene sakufuna kukumvani sangadule mtengo wa mkazi wake.

Mzime wanu

24 Meyi

Mzime,

Moni. Sindifunsa zambiri lero, undikhululukire.

Kalata yako ndinailandira, ndipo yandiuza zonse zimene ndimafuna kudziwa. Chilembo chili bwino, fyuzi ili bwino, kanyali kakuyaka, mlongoti watalika, ndipo akundimva mpaka kudziwa kuti mawu anga akula. Ine ntchito yanga ndi imeneyi, Mzime. Wailesi ikakhala kuti zonse zili bwino koma sikuyankha, ndiye kuti amene wakhala kutsogolo kwake sakufuna kuyankha.

Ndinadziuza kuti ndamvetsa. Amayi anandiitana masabata asanu ndi awiri, ndiye abambo akufuna nanenso ndilawe asanu ndi awiri anga, ndidziwe mmene zimawawira kulankhula ndi mphepo. Ndinavomera. Ndinalawa onse, limodzi ndili ndi chimfine choti mawu amachita kukanirira. Lamlungu lathali linali lachisanu ndi chiwiri. Lero ndinavala bwino ngati ndikupita kukaonekera kwa apongozi, ndinati lero ndiye lero.

Ndinaitana ola lathunthu. Zii.

Ndiye ndinanena zimene sindinayenera kunena pa wailesi, pamene aliyense angamve. Ndinati, "Abambo, ndikudziwa kuti mukundimva. Ndinalakwa, ndipo ndapepesa mmene ndingathere. Amayi akanakhala moyo akanandikhululukira kalekale, inu ndi amene mwasankha kusunga mkwiyo. Sindikuvutitsaninso. Tsalani bwino." Kenako ndinazimitsa osadikira.

Ndazula pulagi, wailesi ndaivundikira ndi nsalu ya patebulo. Mtima wanga wasweka, ndipo ndatopa kuutolera Lamlungu lililonse. Wailesi yawoyo asunge, azimvera anthu a kutsidya kwa nyanja akutsokomola.

Uwasamale. Iwe ndidzakulemberabe.

Mkulu wako

24 Meyi

Achemwali,

Moni. Werengani mutakhala pansi.

Lero mutu unandiwawa kutchalitchi, ndinatuluka mapemphero asanathe. Ndikulowa pageti ndinamva mawu anu akutuluka pazenera la kachipinda kaja, omveka bwino ngati mwabwera. Munali kunena zoti amayi akanakukhululukirani. Ndinafika pakhomo la kachipindako mwakachetechete, chitseko chinali chotsekula pang'ono.

Abambo anali chiimirire. Munthu amene kudzuka pampando amachita kugwira tebulo, anali chiimirire, atagwira maikolofoni ya amayi ija ndi manja awiri, chala chili pabatani, kanyali kofiira kakuyaka, akukuwa.

"Mawaya! Ndili pano, mwana wanga! Ndikukumva bwinobwino! Usazimitse, Mawaya, ndili pano!"

Anasiya batani kuti amve yankho lanu. Chimene chinatuluka ndi "Tsalani bwino," kenako phokoso la mvula lija basi. Anadinanso, anaitananso, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, mpaka mawu anasasa. Atatembenuka anandiona. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa. Anakhala pansi n'kunena kuti, "Sakundimva. Masabata onsewa sakundimva."

Achemwali, akhala akukuyankhani kuyambira pa 5 Epulo. Lamlungu lililonse. Mlongoti uja, nthambi ija, mchere wanga uja, sikunali kufuna kumva bwino ayi. Ankafuna inu muwamve.

Ndinati, "Nanga bwanji simunanene? Bwenzi nditalemba kalekale!"

Anati, "Ndimuuze mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kuti wailesi yandikanika? Zaka makumi anayi ndili pa tebulo limeneli." Kenako anati, "Komanso zimene ndikufuna kumuuzazo si za papepala. Ndinamutsekera pakamwa pano, ndimutsegulira pomwepano. Usalembe."

Ndalemba. Akadzakwiya adzakwiye.

Iwo akuti vuto latsala malo amodzi, pamene waya amalumikizana ndi eriyo pamwamba pa mlongoti, akuti mwina munalowa madzi. Alamu anu achoka dzulo, apita kukakhoma denga la sukulu ina kutali, abwera pakatha milungu itatu. Ndawauza abambo kuti adikire. Makwerero ndawamanga ndi unyolo ku mtengo wa mapeyala, kiyi ndikuyenda naye.

Ndikanatha ndikanaimba foni, koma ya kugolosale imangolandira, kunja situlutsa. Kalatayi ndikaiponya mawa positi ikangotsegulidwa. Chonde, chilichonse chimene mwaganiza lero, Lamlungu likubwerali yatsani. Ngakhale musawamve, lankhulani. Ali pomwepo.

Mzime wanu

10 Juni

Mzime, mng'ono wanga,

Talankhulana pa foni lero, koma waya unali ndi phokoso ndipo tonse timalira, ndiye ndikulemba kuti ukhale nazo papepala. Ali bwanji tsopano? Akudya?

Kalata yako ya pa 24 Meyi inafika dzulo. Ndinaitsegulira pamasitepe. Nditafika pa mawu akuti "atagwira maikolofoni ya amayi ija," ndinakhala pansi pomwepo. Ndinadziwa nthawi yomweyo. Kenako ndinathamangira ku foni, mwini golosale n'kundiuza kuti nyumba ndi yokiya, abambo anagwa pa makwerero obwereka kwa aneba Lolemba, ali kuchipatala.

Vuto si mlongoti, si nthambi, si madzi. Wailesi yakale ndi yatsopanoyi anapanga ndi makampani osiyana. Pulagi ya maikolofoni ndi yofanana, timabowo tisanu ndi titatu, imalowa bwinobwino ngati ndi yake. Koma m'kati mawaya sapita kumodzi. Waya wa batani unagwera pamalo pake, n'chifukwa chake kanyali kamayaka. Waya wa mawu unagwera pa dzino losapita kulikonse. Ndipo wailesi ya mtundu umenewu mawu akapanda kulowa, palibe chimene imatulutsa, ngakhale mlongoti utafika kumitambo.

Yakale ija inali ndi singano yaikulu imene inkagwedezeka munthu akamalankhula. Akanaona kuti yangoima. Yatsopanoyi ili ndi timizere ting'onoting'ono pa kagalasi konga bokosi la machesi. Unandiuza za maso awo, ine osaganiza. Ndinakufunsa za fyuzi, za chilembo, za kanyali. Funso limene ndimayamba kufunsa woyendetsa sitima aliyense, lakuti mwalumikiza maikolofoni iti, sindinafunse. Unandilembera kuti ya amayi ikadali patebulo, ine n'kuwerenga ngati akundiikira mlandu wanga poonekera. Ndinkafufuza mkwiyo, ndiye ndinapeza mkwiyo.

Uchite izi. Maikolofoni yatsopano iyenera kuti ikadali m'katoni, m'pulasitiki yake. Upotokole mphete ya pulagi yakaleyo kumanzere, uzule, ulowetse yatsopano, umange mphete. Basi. Madzi a tiyi sangawire usanamalize.

Ndimafuna kukwera ndege mawa. Iwe wati adokotala akuti ndi fupa la m'chiuno, ndipo abambo akuti ndisabwere, ndikhale pa wailesi Lamlungu, apempha achipatala kuti awatulutse Loweruka ngakhale kwa tsiku limodzi. Ndimvera. Nsalu ija ndachotsa kale. Uwauze kuti masabata awiri amene sindinabwere aja ndidzawalira moyo wanga wonse. Ayi, usawauze. Ndidzanena ndekha.

Mawaya

14 Juni

Mzime,

Moni. Ndaitana maola awiri lero. Palibe yankho.

Sindikudandaula, ndaphunzira. Mwina achipatala anakana kuwatulutsa. Mwina mphete ija yakuvuta, imalimba nthawi zina, ugwire ndi kansalu. Ndinalankhulabe monga unandiuzira. Ndinawauza za doko, za aneba a chumuni, za tsiku lija ndinawotcha kapeti ndi chowotcherera iwo n'kuuza amayi kuti anali iwowo. Ndinaseka ndekha m'chipinda muno.

Ndayesa foni ya kugolosale, palibe akuyankha, kaya atseka chifukwa ndi Lamlungu. Ndiyesanso mawa. Uwapatse moni, uwauze kuti sabata yamawa ndili pomwepa.

Mawaya

21 Juni

Achemwali,

Moni. Telegalamu munailandira, ndipo pa foni Lachiwiri lija palibe chimene tinatha kunena. Ndiye ndilembe, poti pali zinthu zimene muyenera kuzidziwa, china mwa izo n'choti mundikhululukire.

Fupa silimene linawatenga. Atagona masiku atatu chifuwa chinadzaza, Lachisanu kupuma kunayamba kuvuta, Loweruka masana anatisiya. Ndinali pomwepo, alamu anu anafika m'mawa mwake. Mpaka Lachisanu abambo ankafunsabe anamwino ngati awapatsa chilolezo chotuluka.

Za maikolofoni ndinawauza Lachitatu lomwe lija, nditangochoka pa foni. Ndinafotokoza monga munanenera, za timabowo ndi waya wopita pa dzino lolakwika. Anatseka maso. Ndinkaganiza kuti agona, koma anati, "Pulagi inalowa bwinobwino." Kenako anaseka pang'ono, chifuwa chikuwawa, n'kunena kuti, "Mwana uja ndinamuphunzitsa bwino. Wapeza vuto ali kutsidya kwa nyanja, ine ndili nalo m'manja."

Ndinafunsa chifukwa chimene sanagwiritsire ntchito yatsopano. Anati, "Mayi ako anamuitanira pa imene ija. Ndinkafuna akadzayankha, adzayankhe imene ija." Ndinati ndiye ndikaitaye, poti yatipweteka. Anandigwira dzanja. "Usataye. Muli mawu a anthu awiri amene sanafike."

Tsopano choti mundikhululukire. Lamlungu lija, pa 14, nyumba inali yodzaza ndi anthu. Maikolofoni yatsopano ndinali nditalumikiza kale Lachinayi, inali m'katoni pansi pa bedi lawo, pulasitiki yosang'ambidwa. Nthawi itakwana ndinazemba, ndinalowa m'kachipinda kaja, ndinakiya chitseko n'kuyatsa motsitsa. Ndinakumvani, achemwali. Ndinamva za doko, za chumuni, za kapeti. Ndinamva mukuseka. Maikolofoni inali m'manja mwanga, chala pabatani, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangodina mundimva. Sindinathe. Munali kulankhula ndi abambo anu mosangalala koyamba pa zaka zisanu ndi chimodzi, ine ndikanadina bwanji kuti ndikuuzeni kuti agona pabalaza? Ndinakhala pampando wawo maola awiri onsewo, ndikulira, mpaka munatsanzika.

Kiyi wa dirowa anali m'thumba la malaya awo. Buku lija ndaliwerenga. Lamlungu lililonse lili ndi tsamba lake, ndipo pansi pa tsiku ndi nthawi ankalemba zimene akuuzani. Ndikopereko pang'ono.

*5 Epulo. Ndamumva bwino kwambiri. Ndamuuza kuti wailesi ndi yabwino, za waya ndimangonena. Sanamve.*

*19 Epulo. Ndamuuza kuti mayi ake sanapite ndi mkwiyo. Ankati mwana ali ndi nyumba yatsopano, musiyeni akonze. Wokwiya ndinali ine ndekha. Sanamve.*

*10 Meyi. Ali ndi chimfine. Ndamuuza avale zofunda, asiye kuitana apume. Sanamve.*

*24 Meyi. Walira. Ndakuwa. Sanamve.*

*7 Juni. Sanabwere. Ndaitanabe ola lonse, mwina amangomvetsera. Mawa ndikwera ndekha. Akadzabwera adzandipeze ndikumveka.*

Masamba onse ndi khumi, ena ndi odzaza mpaka m'mphepete. Bukulo sinditumiza pa positi, ndipo zotsalazo sindikopera. Mwini wake ananena kuti si za papepala.

Kalatayi ikupezani Julayi asanayambe kapena atangoyamba. Pa 5 Julayi, 9 koloko, ndidzakhala pampando uja. Chiphaso cha wailesi ndilibe, zilembo zoitanira sindizidziwa, ndidzangoti "Mawaya." Mukadzayankha ndidzakuwerengerani tsamba loyamba mpaka lomaliza, mmene analembera. Ndayesera kale dzulo. Ndinadina batani n'kutsokomola kamodzi kokha, timizere tija tinalumpha mpaka kumapeto kwa kagalasi.

Chonde mudzayatse, ndipo mudzayankhe msanga. Pa tebulo limeneli aitanapo kale anthu awiri osayankhidwa. Ine sindingathe kukhala wachitatu.

Mzime wanu